Draft ya NFL: tonse timalalata, koma mawa salidziwa munthu

M'kabati mwanga muli jezi yobiriwira yomwe sindivalanso kawirikawiri, koma kutaya ndimakana. Ndidaigula pa kaunjika mumsika wa Limbe mu Juni 2018, nditangokopeka ndi mtundu wake basi. Kutsogolo kuli nambala 11, kumbuyo dzina lakuti WENTZ. Panthawiyo sindinkadziwa ngati Wentz ndi munthu, mzinda kapena kampani ya sopo. Nditajambulitsa n'kuika chithunzicho pa status, msuweni wanga wamkulu yemwe amakhala ku Indiana adayankha nthawi yomweyo: "Iwe mphwanga, ukudziwa chimene wavalacho? Timu imeneyo ndi imene yatenga chikho chaka chino kuno."

Umo ndi momwe ndidagwera mu mpira wa ku America. Usiku womwewo ndidamaliza bandulo pa YouTube ndikuonera Philadelphia Eagles ikugonjetsa New England Patriots 41-33 mu Super Bowl ya Febuluwale 2018, ngakhale mwini dzina la pa jezi yanga, Carson Wentz, sadasewere chifukwa adali atavulala bondo. Malamulo sindinkawamva, ndinkangoona anthu akugundana ngati nkhosa zamphongo, koma china chake chidandikola. Lero ndili m'gulu la anthu owerengeka kuno kwathu amene amatchera alamu 2 koloko usiku mu Epulo, osati kuti aonere masewero, koma kuti aonere bambo wovala suti akuwerenga maina papepala.

Mwambo umenewu umatchedwa draft, ndipo wa 2026 uchitikira ku Pittsburgh kumapeto kwa Epulo. Usanafike ndati ndiulule tchimo langa pagulu, chifukwa ndikudziwa kuti tili ambiri odwala matenda omwewa. Usiku wa draft sapota aliyense amasanduka katswiri. Timaweruza mnyamata amene sanakhudzepo mpira mu ligi, timafuna mabwana achotsedwe ntchito dzuwa lisanatuluke. Zaka zisanu ndi zitatu zimene ndatsatira mpirawu zandiphunzitsa kuti usiku umenewo palibe amadziwa mawa. Ife sitidziwa, ngakhalenso mabwana amene amalandira mamiliyoni aja sadziwa.

Draft n'chiyani kodi?

Amene mwazolowera mpira wa miyendo, iwalani kaye za msika wogula osewera. Ku Premier League, timu ya thumba lonona ndi imene imatola zitsulo. Ku NFL zinthu adazitembenuza. Ligiyi ili ndi matimu 32, ndipo osewera atsopano amachokera kumayunivesite. Timu imene idakhala kumchira chaka chathacho ndi imene imayamba kusankha, pamene yotenga chikho imasankha pomaliza. Amazungulira chonchi ndime zisanu ndi ziwiri m'masiku atatu. Mu 2025 anyamata 257 ndi amene adatchulidwa maina. Wosewerayo sasankha kopita. Ukatchulidwa ndi timu ya kumzinda wozizira umene sudaulotepo, umangolongedza.

Matimu amathanso kusinthana nambala zosankhira. Ikafuna munthu kwambiri, timu imapereka nambala zake za chaka chamawa kuti ikwere pamwamba lero, ngati kudyeratu chimanga chidakali m'munda.

Nzeru imeneyi adabwera nayo Bert Bell, yemwe adali mwini wa Eagles, atatopa ndi kulandidwa osewera abwino ndi matimu olemera. Draft yoyamba idachitika mu 1936, ndipo woyamba kusankhidwa, Jay Berwanger, sadasewerepo ngakhale masewero amodzi mu NFL. Ndiye mukuona, kuphonya kudayamba tsiku loyamba lomwe.

Masiku ano draft ndi chikondwerero. Miyezi ingapo isanafike, atolankhani monga Mel Kiper Jr. wa ESPN amatulutsa mndandanda wa zolosera zawo. Kumapeto kwa Febuluwale anyamatawo amasonkhana ku Indianapolis kumene amawayeza msinkhu, kukula kwa zikhatho, kudumpha ndi liwiro pa mtunda wa mayadi 40. Manambala onsewa amafika pa foni pathu, ndipo aliyense amapanga mndandanda wakewake. Tsikulo likafika, mkulu wa ligi Roger Goodell akangokwera pansanja, khamu limamukuwiza. Sikuti walakwa kanthu tsikulo ayi, wangokhala mwambo basi.

Usiku umene ndidafuna bwana achotsedwe

Tchimo langa lidachitika mu Epulo 2020. Kudali mliri wa Covid-19, draft inkachitika pa intaneti, Goodell akuwerenga maina ali kunyumba kwake. Eagles inkasowa munthu wowakha mipira, ndipo nambala 21 itafika, Justin Jefferson wa ku LSU adali asanatengedwe. Ndidaimirira pabedi. Kenako dzina lidatuluka: Jalen Reagor. Nambala yotsatira yomweyo, Minnesota Vikings idatola Jefferson. Ndidagona ndi njala ya mkwiyo.

Mawa lake zidanyanya. Pa nambala 53, bwana wosankha osewera ku Eagles, Howie Roseman, adatenga Jalen Hurts wa ku Oklahoma. Hurts ndi quarterback, kutanthauza woponya mpira, amene ali ubongo wa timu yonse. M'bwalo amalowa mmodzi yekha. Tsono timuyo idali nayo kale quarterback, Wentz wa pa jezi yanga uja, amene chaka chapitacho adasainira mgwirizano wa zaka zinayi wa $128 miliyoni. Kugula mbaula yachiwiri pamene m'nyumba mulibe ufa, ndi nzeru zimenezo?

Ndidalowa pa Facebook n'kulemba kuti Roseman achotsedwe lero lomwe, kuti Hurts sadzakhala kanthu mu ligi imeneyi, ndipo aliyense wotsutsa asunge mawu angawa. Sindidali ndekha. Masapota a ku Philadelphia komweko ankalalata chimodzimodzi pa wailesi ndi pa Twitter. Msuweni wanga adangolemba kuti: "Ndasunga, mphwanga."

Tamverani tsono momwe zidathera. Pa nkhani ya Reagor, masapota tidalondola. Adakhala zaka ziwiri zokha ku Philadelphia, ndipo mu 2022 adamutumiza ku Vikings komweko kukakhala pambali pa Jefferson, amene chaka chimenecho adatsogola ligi yonse ndi mayadi 1,809. Koma pa nkhani ya Hurts tidagwa chagada. Wentz adasokonekera mu 2020, mu Disembala adamukhazika pabenchi, ndipo chaka chotsatira adamugulitsa ku Indianapolis Colts. Hurts adafikitsa timu ku Super Bowl mu Febuluwale 2023 n'kugonja mwa mphini 38-35 kwa Kansas City Chiefs. Pa 9 Febuluwale 2025, ku New Orleans, adabwezera: Eagles 40, Chiefs 22, ndipo mphoto ya wosewera wopambana onse pa masewerowo idapita kwa Hurts.

Kuno kudali kukucha, cha m'ma 5 koloko. Ndili mkati movina ndekha pabalaza, foni idalira. Screenshot ya zimene ndidalemba mu 2020, ndi mawu awiri okha pansi pake: "Wadzuka, katswiri?" Ndidayankha kuti, "Achimwene, zakale sitikumba." Koma manyazi adandigwira mpaka kuphazi.

Chimene chimandizunguza mutu mpaka lero n'chakuti munthu adali mmodzi yemweyo, sabata imodzi yomweyo. Lachinayi adaphonya koopsa, Lachisanu adalasa pakati penipeni. Ndipo ine ndidakwiya mofanana masiku onse awiri, ndili wotsimikiza mofanana. Mkwiyo wanga sunkasiyanitsa chabwino ndi choipa.

Masapota a Eagles tili ndi mbiri pa zimenezi. Mu 1999 gulu lina lidakwera basi mpaka ku New York kukakuwiza Donovan McNabb atasankhidwa pa nambala 2, ati ankafuna Ricky Williams. McNabb yemweyo adadzatengera timuyo ku Super Bowl patatha pafupifupi zaka zisanu ndi chimodzi.

Mwana wa Prime Time ndi masiku atatu a chidikiro

Mukadaganiza kuti ndidaphunzirapo kanthu. Ayi ndithu. Patangotha miyezi iwiri chilandirireni screenshot ija, ndidagweranso m'dzenje lomwelo, ulendo uno chifukwa cha mnyamata wa timu ina.

Shedeur Sanders ndi mwana wa Deion Sanders, katakwe amene ankatchedwa Prime Time, yemwe adasankhidwa pa nambala 5 mu 1989 n'kudzatenga Super Bowl kawiri. Shedeur ankasewera ngati quarterback ku yunivesite ya Colorado, kochi wake ali bambo ake omwewo. Mu 2024 adaponya mayadi 4,134 ndi ma touchdown 37, ndipo pa mipira 100 iliyonse imene ankaponya, pafupifupi 74 inkafika m'manja mwa mnzake. Olosera ambiri ankamuika m'ndime yoyamba, ena mpaka m'gulu la asanu oyambirira. Ine ndidati make mbuu, mwana mbuu, nkhani yatha.

Draft idayamba pa 24 Epulo 2025 ku Green Bay. Tennessee Titans idatenga Cam Ward pa nambala 1. Jacksonville Jaguars idakwera kudzatenga Travis Hunter, mnzake wa Shedeur wa ku Colorado, pa nambala 2. New York Giants, imene ambiri ankati ndi kumene akupita, idasankha Jaxson Dart pa nambala 25. Ndime yoyamba idatha dzina lake osamveka. Shedeur adali kwawo ku Texas, m'chipinda chimene adachikongoletsa mwapadera chifukwa cha usiku umenewu, makamera ali pa iye.

Tsiku lachiwiri, New Orleans Saints idatenga Tyler Shough pa 40, Seattle Seahawks idatenga Jalen Milroe pa 92, Cleveland Browns idatenga Dillon Gabriel pa 94. Ma quarterback asanu adadutsa iye akuyang'ana. Pa ESPN, Kiper adalusa ngati alandidwa munda. Ngakhale mtsogoleri wa dziko la America, Donald Trump, adalowererapo pa intaneti kudzudzula eni matimu. Masapota adagawikana. Ena ankati matimu apangana kuti amuchepetse iye ndi bambo ake. Ena ankati ndi tsankho, pamene anzawo ankayankha kuti nanga Ward ndi Milroe si akuda omwe? Ena ankati adzichititsa yekha ndi matama. Sapota wina adafika mpaka kukhoti kukasumira NFL, kufuna $100 miliyoni ati chifukwa cha kuwawidwa mtima kumene adamva poonera.

Tsiku lomwelo padachitika chinthu chimene chidandizizira m'thupi. Foni ya Shedeur idalira, munthu akudzitcha bwana wa Saints, akumuuza kuti amutenga. Lidali bodza. Adali anyamata ochita chipongwe, ndipo nambalayo idatuluka kudzera mwa mwana wa mmodzi wa makochi a Atlanta Falcons. Ligi idalipitsa timuyo $250,000 ndi kochiyo $100,000. Kanema wake adazungulira dziko lonse, ndipo ineyo ndidamutumizira anthu awiri ndisanaganize n'komwe kuti amene akusekedwayo ndi mnyamata wa zaka 23 amene ankadikira foni ya moyo wake wonse, achibale ake atamuzungulira.

Loweruka, m'ndime yachisanu, Browns yomwe idamudumpha kangapo ija idamutenga pa nambala 144. Kusiyana kwake pa ndalama n'koopsa. Mgwirizano wa Ward wa zaka zinayi ndi wa pafupifupi $49 miliyoni, pamene wa Shedeur wa zaka zinayi zomwezo ndi wa pafupifupi $4.6 miliyoni.

Ine ndidali kale nditalemba kuti matimu onse 32 ndi akhungu. Msuweni wanga adangofunsa funso limodzi: "Masewero angati a Colorado amene unaonera kuyambira poyamba mpaka pomaliza?" Yankho lidali lakuti palibe ngakhale amodzi.

Zimene foni siionetsa

Apa ndi pamene pali vuto lathu ife a mabandulo. Timaonera tizidutswa ta mphindi zitatu, ndipo amene amadula tizidutswato amasankha zokoma zokhazokha. Mumaona mpira ukuuluka mayadi 50 n'kugwera m'manja bwinobwino, nyimbo ikulira kumbuyo. Simuona nthawi zimene quarterback adachedwa kuponya mpaka adani kumugwetsa mpira uli m'manja. Shedeur adagwetsedwa chonchi kopitirira ka 90 m'zaka ziwiri zimene adakhala ku Colorado. Olakwa adali omutchingira ofooka, kapena iye ankakakamira mpira? Limenelo ndi funso limene anthu a matimu amathera miyezi akuonera masewero onse, kubwereza kachidutswa kalikonse. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo nyererezo pa TikTok saziika.

Palinso zina zimene sitidzaziona. Madokotala a matimu amawunika bondo lililonse ndi phewa lililonse. Makochi amatsekera mnyamata m'chipinda, kumuonetsa kanema wa zolakwa zake n'kumufunsa kuti afotokoze. Timu iliyonse imaloledwa kuitana anyamata 30 kulikulu lake kuti iwadziwe bwino. Pa Shedeur, makochi ena osatchulidwa maina adauza atolankhani kuti sadakondwere ndi mayankhidwe ake. Iye sadaponye mpira pa zoyeza za ku Indianapolis, ndipo bambo ake adali atanenapo poyera kuti pali mizinda ina imene sangalole mwana wawo kupitako.

Pali nkhani inanso yosavuta kumva. Matimu akaona kuti munthu sakhala woyamba nthawi yomweyo, amamuyeza ngati wapabenchi. Wapabenchi amafuna wofatsa, wosabweretsa makamera. Mnyamata wotchuka kuposa amene akusewera amabweretsa phokoso tsiku lililonse, ndipo si kochi aliyense amene amalifuna. N'chilungamo chimenecho? Mwina ayi. Mawu a munthu wobisa dzina nawonso si oti n'kuwameza osatafuna, chifukwa wobisala amatha kunena chilichonse popanda kuyankhapo. Koma mfundo ndi yakuti ine ndinkaweruza mlandu ndisanamve mboni ngakhale imodzi.

Nanga zidatha bwanji? Mu Novembala 2025 Shedeur adapatsidwa mpata woyamba masewero, ndipo Browns idagonjetsa Las Vegas Raiders 24-10. Omukonda adavina. M'masewero otsatira adawala kwina, kwina n'kuponya mipira m'manja mwa adani, ndiye omutsutsa nawo adavina. Aliyense adatola chimene ankafuna kuona. Mlandu udakali m'khoti.

Koma mabwana nawo amaphonya

Musamve ngati ndikuti masapota tikhale chete chifukwa mabwana amadziwa zonse. Kutalitali. Ndi madokotala awo onse, makanema awo onse, amaphonya moti ungalire.

Mu 2000, ma quarterback asanu ndi mmodzi adasankhidwa Tom Brady asanatchulidwe pa nambala 199. Adapuma mpira ali ndi zikho zisanu ndi ziwiri za Super Bowl. Mu 2017 Chicago Bears idapereka nambala zina kuti ikwere kuchoka pa 3 kufika pa 2 n'kutenga Mitchell Trubisky, pamene Patrick Mahomes adadikira mpaka pa 10. Mahomes watenga kale Super Bowl katatu.

Chitsanzo chimene chimandikomera kwambiri ndi cha San Francisco 49ers. Mu 2021 idapereka nambala zake za ndime yoyamba za zaka ziwiri zotsatira kuti ikwere pa nambala 3 n'kutenga Trey Lance. Adangoyamba masewero anayi, ndipo mu 2023 adamutumiza ku Dallas Cowboys posinthana ndi nambala ya ndime yachinayi. Amene adamulanda malo ndi Brock Purdy, munthu womaliza weniweni kusankhidwa mu 2022, nambala 262, malo amene mwini wake amamuseka ndi dzina lakuti Mr. Irrelevant, kutanthauza wopanda ntchito. Purdy adafikitsa timuyo ku Super Bowl mu Febuluwale 2024, ndipo mu 2025 adasainira mgwirizano wa $265 miliyoni. Timu imodzi, mabwana omwewo: pamene adatsanulira chuma chonse padauma, pamene adangotola mwamwayi padabala.

Pa nkhani yosunga kapena kutaya osewera akale, masapota nthawi zina amaona bwino kuposa ofesi. Mu Malichi 2024 Giants idalola Saquon Barkley kuchoka, poona kuti wothamanga ndi mpira si woti n'kumuthirira ndalama zambiri. Masapota awo adalira, makamaka atamva kuti wapita kwa adani awo, Eagles. Chaka chomwecho Barkley adathamanga mayadi 2,005 n'kutenga chikho, pamene Giants idapambana masewero atatu okha. Pamenepo masapota adalondola, ndipo ine ndikuthokozabe mabwana a ku New York chifukwa cha mphatsoyo.

Ndalama, ndi tsiku la misozi mu Ogasiti

Chimene ambiri timaiwala tikamalalata ndi masamu. NFL imaika malire a ndalama zimene timu ingalipire osewera onse pachaka, ndipo mu 2025 malirewo adali $279.2 miliyoni. Mwini timu akhale wolemera bwanji, sangadumphe mzere umenewo. Kuyambira 2011, malipiro a osewera atsopano amatengera nambala imene adasankhidwira, ndipo amakhala otsika poyerekeza ndi a akuluakulu. N'chifukwa chake timu imatha kutaya wosewera wokondedwa wa zaka 30 n'kuikapo mnyamata amene sitimudziwa. Sikuti mnyamatayo ndi dolo kuposa. Ndi wotchipa, ndipo ndalama yotsalayo ikukasunga quarterback. Sapota amawerenga maina, bwana amawerenga madola.

Ndiye pali tsiku limene silikhala ndi nsanja kapena nyimbo. Matimu amayamba zokonzekera ndi anthu 90, koma kumapeto kwa Ogasiti aliyense amayenera kutsala ndi 53. Mukawerengera matimu onse, ndi anthu oposa 1,000 ochotsedwa pa mndandanda m'masiku ochepa. Ena amabwereranso m'gulu la ongochita nawo zokonzekera, la anthu 16 pa timu, koma ambiri ulendo umathera pomwepo. Ife pa foni timangolemba kuti "uyu amudule, ndi kape," ngati tikusankha tomato pamsika. Kumbali inayo ndi munthu amene wasewera kuyambira ali mwana, amene mwina banja lonse linkayang'ana kwa iye.

Ena mwa odulidwawo amadzabwerera. Kurt Warner sadasankhidwe pa draft, Green Bay Packers idamudula mu 1994, n'kukagwira ntchito yosanja katundu m'sitolo ya zakudya. Mu Januwale 2000 adatenga Super Bowl ndi St. Louis Rams. Ku Eagles kwathu kuli Jordan Mailata wa ku Australia, amene ankasewera rugby ndipo adali asanasewerepo mpira wa ku America pamene adatengedwa pa nambala 233 mu 2018. Zaka ziwiri zoyambirira sadalowe m'bwalo pa masewero a ligi. Akadafunsa masapota, akadamudula kalekale. Lero ndi mmodzi mwa otchingira quarterback odalirika mu ligi yonse. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndiye ku Pittsburgh titani?

Kulalata sitisiya, ndipo sindikufuna tisiye. Draft yopanda mikangano ingakhale ngati ukwati wopanda nthungululu. Kukoma kwake kuli pomwepo: kwa masiku atatu timu iliyonse, ngakhale ya kumchira, imakhala ndi chiyembekezo, ndipo sapota wa ku Ndirande ali ndi ufulu wolakwitsa wofanana ndi wa ku Philadelphia.

Koma ine ndadziikira malamulo atatu. Loyamba, sindiweruza mnyamata amene sindinaonerepo masewero ake athunthu, ngakhale amodzi. Bandulo ikavuta, pakamwa pavutenso. Lachiwiri, draft ya chaka chino ndidzaipatsa malikisi pakatha zaka zitatu, osati m'mawa mwake, chifukwa Reagor ndi Hurts pa tsiku loyamba ankaoneka ofanana m'maso mwanga. Lachitatu, ndikafuna kutafula, nditafule bwana amene amalipidwa kuti apirire zimenezo, osati mnyamata amene sanasankhe n'komwe kopita. Ndipo kanema wochititsa munthu manyazi ngati wa foni yabodza uja athere pa foni yanga.

Msuweni wanga nditamuuza malamulowa adaseka kwambiri. "Tiona pa tsikulo, mphwanga. Eagles ikangotenga munthu amene sukumufuna, malamulo onsewo uwaiwala." Ndidati, "Achimwene, ulendo uno ndasintha." Iye akuti wakonzeratu malo mu foni osungira screenshot ina.

Alamu ndatchera kale ya 2 koloko. Jezi ya Wentz ndiichapa, ndiivala usiku umenewo, kuti chala chikayamba kuyabwa ndiziyang'ana kaye pachifuwa n'kukumbuka munthu amene ndinkalumbira kuti sangalowedwe m'malo.